Ulendo Womaliza wa a Pang'ono

Ndinagwira ntchito yomata matayala pa kampani yonyamula katundu kwa zaka khumi ndi chimodzi ndisanakhalepo pachiwongolero cha lole. Madalaivala ankabwera ndi fumbi la kutali, n'kundigubuduzira tayala lophulika osandiyang'ana n'komwe, ine n'kumamata. Nditapeza layisensi ya galimoto zikuluzikulu, ndili ndi zaka makumi anayi, akapitawo anaitembenuza kawiri asanayankhule.

"Lolemba unyamuka," anatero. "Koma dalaivala watsopano sayenda yekha maulendo awiri oyamba. Upita ndi a Pang'ono."

A Pang'ono anali wamkulu pa madalaivala onse, imvi mutu wonse, ndipo anali atayendetsa lole zaka makumi atatu ndi ziwiri osagundapo ngakhale mbuzi. Dzinalo anawapatsa anzawo chifukwa chilichonse kwa iwo chinali "pang'ono": mafuta pang'ono, buleki pang'ono, ngakhale munthu akawapatsa moni ankati ali bwino pang'ono.

Lolemba m'mawa mkazi wanga anandilongedzera bulangete, sopo ndi malaya atatu. Mwana wathu wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anandigwira buluku pakhomo.

"Ababa, mubwera madzulo?"

"Lachisanu."

"Lachisanu ndi mawa?"

Mayi ake anamukokera m'nyumba, ine ndinatuluka osacheuka.

Kuntchito ndinapeza lole itadzaza kale simenti, a Pang'ono akuizungulira. Ankagwira chilichonse ndi manja: zingwe za tenti, mabawuti a matayala, mapaipi a mpweya wa mabuleki. Atamaliza anandiponyera makiyi.

"Lero ndine mlendo, mwanawe. Ndiyendetse."

Lole yodzaza ndi chinthu china. Ukaponda buleki imayamba yaganiza kaye, ndipo ukakhota, ngolo yakumbuyo imabwera ndi maganizo akeake. Pamene tinkatuluka m'tauni malaya anga anali atanyowa ndi thukuta. A Pang'ono anangokhala phee, chipewa chili pabondo.

"Wachedwa kusintha giya. Sukuimva ikudandaula? Chikwangwani icho chikuti chiyani? Uziwerenga mokweza chilichonse, ndidziwe kuti suli mtulo."

Ndinawerenga zikwangwani zonse tsiku limenelo, za milatho, za masukulu, za malo owolokera ng'ombe. Titafika pasikelo yoyezera malole, anandikankhira mapepala.

"Lemba ndiwe. Zolemba zanga zimakhala ngati mwadutsa nkhuku."

Ndinaseka. Mumtima ndinkati ndapeza mphunzitsi wodziwa kuphunzitsa.

Tinagona pamalo oimikapo malole. Kutacha tinayenda maola awiri n'kufika pamwamba pa phiri lomwe madalaivala onse ankalitchula motsitsa mawu. Msewu wake umatsika mokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho.

"Apa sipophunzirira," anatero a Pang'ono. "Suntha."

Sindinaonepo munthu akutsitsa lole ngati mmene anachitira iwo. Anatsegula zenera, n'kupendeketsa mutu ngati akumvetsera wailesi ya kutali. Giya anaika yotsika tisanayambe n'komwe kutsetsereka, buleki ankangoikhudza n'kuisiya. Milomo yawo inkayenda, ndipo nditatchera khutu ndinamva kuti akuwerenga makona. Pa khumi ndi zinayi msewu unawongoka, tinali pansi.

Kutsogolo kunali kamlatho, kenako timagolosale tingapo ndi anthu ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Tili pamlathopo ndinaona kamtsikana ka yunifolomu ya sukulu kakuwoloka. Kanagwetsa kope pakati pa msewu, n'kuwerama kuti katole. Kanali patali ndithu, mpata woima unalipo wokwanira. Ndinayang'ana phazi la a Pang'ono kudikira kuti lisunthe. Silinasunthe.

"Mwana! Bambo, mwana!"

Anaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse. Matayala analira, matumba a simenti anagunda kumbuyo kwathu, ine mutu unakafika pagalasi. Pamene lole inkaima, kamtsikanako sindinkakaonanso, kanali pansi penipeni pa mphuno ya galimoto. Ndinakhala osapuma mpaka kanatulukira mbali inayo kakuthawa, kope lili m'manja. Amayi ena ogulitsa tomato anabwera akukuwa, akumenya chitseko ndi chikhatho, kutifunsa ngati tilibe ana kwathu.

A Pang'ono anayendetsa pang'onopang'ono kupitirira magolosale aja, anaimika pambali, n'kuzimitsa injini.

"Anali pati?" anafunsa.

"Pakati pa msewu, bambo. Ndinamuona tili pamlatho."

"Wamkulu bwanji?"

"Ngati wanga."

Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo aka kanali koyamba kuwaona m'maso pafupi chonchi. Diso lakumanja linali loyera pakati, ngati mwadonthera mkaka.

"Ili linafa chaka chatha," anatero. "Linalo limaona ngati muli utsi. Zazikulu ndimaziona, basi, lole inzake, nyumba. Mwana ayi."

"Akapitawo akudziwa?"

"Ngakhale mayi ako kunyumba kwanga sakudziwa. Akuganiza kuti ndinasiya kuwerenga nyuzipepala chifukwa ndi yabodza." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Msewu uwu ndimaudziwa kuposa khonde la nyumba yanga. Ndinkati ndimalize chaka chino basi. Ndinakwera lole ndili mnyamata, mwanawe. Ndikatsika ndikakhala ndani? Munthu wongokhala pampando kudikira kuti amuitane kukadya?"

Ndinatsika, ndinazungulira kutsogolo, n'kutsegula chitseko cha mbali yawo. Anandiyang'ana, kenako anasunthira pampando winawo okha.

Kuchokera pamenepo ndinayendetsa ine. Simenti tinakatsitsa Lachitatu masana, tinakweza matumba a mchere, n'kuyamba kubwerera. Nkhani ya maso sitinaitchulenso mpaka Lachinayi, titaima pamthunzi kuti matayala azizire. Anaiyamba ndi iwo.

"Zimene unaona zija zitsale mumsewu muno. Ndikupempha ngati bambo ako. Ulendo wachiwiri tiyendanso limodzi, uziyendetsa iwe. Zikatero ndiona chochita."

"Nanga ulendo wachitatu, bambo? Ine adzandipatsa lole yanga. Inu mudzakhala nokha."

"Ndati ndiona chochita."

Ndinayang'ana pansi. Munthuyu anali atandiphunzitsa m'masiku anayi zimene sukulu yoyendetsa galimoto inalephera m'miyezi itatu. Komanso ndinkadziwa zimene madalaivala amachita ndi munthu wokaneneza mnzake kwa mabwana, makamaka munthu amene dzulodzuloli ankawamatira matayala.

"Pepani, bambo," ndinatero. "Mawa tikafika mukanene nokha. Mukapanda kunena, ndikanena ine."

"Iwe? Wa masiku anayi pachiwongolero?"

"Ine ndemwe."

Anavala chipewa, n'kukwera m'lole. Maola asanu otsatira sanandiyankhulitse. Phiri lija ndinalikwera ndekha, iwo ali duu kuyang'ana kunja. Pakona imodzi ndinachedwa kutsitsa giya, lole inatsala pang'ono kuzima pamtunda. Ndinamva dzanja lawo likugwira langa pandodo ya giya n'kulikankhira pamalo pake. Kenako analichotsa.

Tinalowa pageti la kampani Lachisanu dzuwa likupendeka. Ndinaimika lole, ndinazimitsa, tonse tinakhala osatsika. Kunja anthu ankatsuka magalimoto, wina akuimba mluzu.

"Tiye," anatero a Pang'ono. "Undigwire pamasitepe a ofesi paja. Ndakhala ndikupunthwapo miyezi isanu, anthu n'kumati ndayamba mowa."

Akapitawo anali pafoni. Ataona nkhope zathu anaidula. A Pang'ono anavula chipewa, anaika makiyi patebulo, n'kufotokoza zonse, za diso, za mwana uja, osachotsapo kapena kuwonjezera. Akapitawo anamvetsera atagwira chibwano.

"Nanga uyu?" anafunsa akundiloza.

"Uyu mupatseni lole. Pamtunda amachedwa giya, koma aphunzira."

Sabata yotsatira nkhani inali itafala kuti wamatayala wachotsetsa ntchito a Pang'ono kuti atenge lole yawo. Ndikalowa m'chipinda chodikirira madalaivala, macheza ankatha. Wina anandifunsa pamaso pa anthu ngati ndikufunanso nsapato za mkuluyo. Lole imene anandipatsa inalidi yomwe ija. Ulendo wachiwiri ndinayenda ndi dalaivala wina amene sanandiuze mawu opitirira khumi, kupita ndi kubwera.

Patatha mwezi ndi theka ndinalimba mtima n'kupita kwawo. Anandilandira akazi awo, mayi wamfupi wa mawu akuluakulu.

"Ndiwe uja eti? Lowa. Chaka chonse bambowa kundinamiza ine, amene ndimawachapira ndi kuwasitira! Akanapha mwana wa eni ake tikanaloza kuti?"

A Pang'ono anali pabalaza, diso lakumanzere litamatidwa bandeji. Anali atawachita opaleshoni masiku atatu apitawo. Adokotala anawauza kuti limenelo lidzaonanso mokwanira kuyenda okha ndi kuzindikira anthu, koma lakumanja linachedwa, ndipo za lole aiwale.

"Muli bwanji, bambo?"

"Pang'ono." Anandilozera mpando. "Ndamva kuti anyamata akukusala."

"Zichepa."

"Sizichepa msanga. Ine ndemwe ndinakukwiyira milungu itatu, mpaka pano tsiku lina ndimadzuka nditakwiya." Anasisita bondo. "Ukunyamuka liti?"

"Mawa. Ndekha."

"Katundu wanji?"

"Zitsulo za denga."

"Zimenezo zimatsetsereka. Ukayenda ola limodzi uime, umangenso maunyolo onse, ngakhale akuoneka olimba. Mayi, tam'patseni madzi mwanayu, wayenda padzuwa."

Ndinakhala nawo mpaka cha m'ma folo, akundifotokozera za zitsulo, kenako ndinatsanzika kuti ndikalongedze chikwama.