Nkhanambo ya Pamimba pa a Masuo

Litafika tsiku lachinayi amuna ake, a Masuo, akuphikika ndi kutentha thupi, Kinuyo analeka kumvera zoti ndi chimfine. Chimfine chanji chotulutsa timadontho tofiira m'miyendo, m'mikono mpaka m'zikhatho, tosayabwa n'komwe? Mutu ukuwang'amba, thupi lonse kuphwanya, mpunga osaulawa. Anawakankhira m'kagalimoto konyamulira malalanje, liwiro la kuchipatala cha m'munsi mwa phiri.

Dokotala Irie, mayi wachangu, anangoona zikhathozo n'kufunsa ngati bambowa analowako m'tchire.

"Kulowako? Kwawo n'komweko!" anatero Kinuyo. "Sabata yatha ankakumba mphukira za nsungwi, kulimbirana ndi nguluwe."

"Ndiye ndikukayikira nkhupakupa," anatero dokotala. "Zimayoyoka ku nguluwe ndi agwape, ndipo ina ikaluma munthu imamusiyira tizilombo m'magazi. Mankhwala ake ndi apadera, tikachedwa impso zimafooka. Zotsatira za magazi zitenga masiku, masikuwo tilibe. Tipeze pamene inaluma, pamakhala nkhanambo yakuda."

Eee, Kinuyo anachita ngati amutuma kukasaka ndalama yotayika. Anafufuza m'khwapa, kuseri kwa makutu, m'timatsitsi totsala pa dazi, pakati pa zala zakumapazi. Palibe. Mantha anamugwira zenizeni.

Ndiye anaona manja a amuna akewo. Munthu wolephera kudzutsa mutu, koma atakakamira haramaki, lamba waubweya uja amadzikulunga pamimba chilimwe ndi dzinja. Ankamuvula polowa m'bafa pokha, ndipo wotentha thupi salowa m'bafa, aliyense amadziwa. Masiku anayi lambayo osasuntha!

"Bambo, tachotsani manjawo."

"Pamimba ayi, mayi," anadandaula a Masuo. "Mimba ikazizidwa munthu amadwala."

"Nanga apa mwagonapa muli paukwati? Zaka makumi anayi ndikukuchapirani chisanza chimenechi, lero chindiphere mwamuna?"

Anachikoka ndi manja awiri mpaka m'chifuwa. Pambali pa mchombo, iyo! Nkhanambo yakuda bii, yaing'ono ngati njere ya nyemba, itazunguliridwa ndi kufiira.

"Adokotala, nayi! Ndaipeza, ndaipeza ine!" Kinuyo anakuwa mpaka odwala a pabedi lina anadzuka kusuzumira. Ankaseka, misozi ili chuchuchu, chala chili pankhanambo ngati ingathawe.

"Ndi yomweyo," anatero dokotala, akuthamangira kale kukhomo. "Mankhwala tiyamba pompano. Mwafika nthawi ikadalipo, mayi."

Kinuyo anakhala m'mphepete mwa bedi. Apa m'pamene anazindikira kuti m'mawa uja, potseka chitseko cha kunyumba, ankaganiza kuti adzachitsegula ali yekha.

"Mayi," ananong'ona a Masuo, maso ali otseka. "Pakuzizira."

Kinuyo anapukuta misozi, anapumira mpweya m'zikhatho zake, n'kuziika zonse ziwiri pamimba pa nkhalamba yakeyo. Sanazichotse mpaka botolo loyamba la mankhwala litatha.