Chipepala Chong'ambika Pansi pa Mulu

Kapitawo wa zamadzi pamgodipo ankachisamala ngati khanda chipepala chakuda cha pulasitiki chimene adayala pansi pa mulu wa miyala ya mkuwa. Mvula ikatsuka miyalayo, madzi oipawo ankayenda pachipepalapo mpaka kudamu, osalowa m'nthaka.

Koma mlamu wake, woyendetsa katapila, anali munthu wosafuna kusiya kanthu pansi. Pokokolola miyala yotsalira adazamitsa mano a katapila, chipepala chija n'kung'ambika. Adakwirira msangamsanga osauza munthu. Pamene kapitawo ankazindikira, mvula inali itagwa kale kambirimbiri, pamwambapo atathirapo phiri lina la miyala.

"Tichotse muluwu, bwana," adadandaula kapitawo kuofesi.

"Tidzaona chilimwe," adayankha abwanawo, maso ali pafoni.

Ataweruka, kapitawo adatsikira kumunsi kwa mgodi, kwa mlongo wake, mkazi wa mlamu uja. Adamupeza akutunga pachitsime cha pakhomo.

"Achemwali, madzi awa musamwenso."

Mlongoyo adayang'ana ndowa, adayang'ananso ana ake pakhonde.

"Ndamva, achimwene. Nanga tizimwa ati?"

Ndowa ija idalowa m'nyumba.