Kuseri kwa Chimbale

"Sichoncho," anatero Noreen, mpeni wopakira batala uli m'manja. "Pachitatupo satsika, amakwera."

Lorraine, mwana wa mlongo wake, anasiya kuimba chapammero n'kumucheukira.

"Azakhali, nyimbo ya bambo anga ndingaiphonye ine? Ndinayamwa ikulira pa wailesi."

"Ndiye kuti unayamwa mokhota. Patse buledi uyo."

Linali tsiku lachitatu chitsikireni kulichete Desmond Tromans, ndipo nyumba yake ya ku Cradley Heath inali itasanduka msika wa maluwa. Pageti pankabwera azibambo a imvi zofika m'mapewa, mimba zitatumphuka m'majekete achikopa amene anawakwana komaliza ali anyamata. Ankaika maluwa, kujambulitsa, n'kupita akupukuta m'maso. Wailesi ya m'deralo inali itaiika kale nyimboyo kanayi chikhalirecho nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Nyimboyo inali "Unyolo Wotentha", ya gulu la Anyamata a Ng'anjo. Inatuluka m'chaka cha 1971 ndipo mpaka lero ikangoyamba, ngakhale m'bwalo la mpira, anthu amaidziwa woimba asanatsegule pakamwa. Amaidziwira gitala wa poyambirira paja, wolemera, wokalipa, wogunda kawiri n'kupuma. Dziko lonse linkadziwa kuti gitala ameneyo analiza ndi Desmond. Noreen yekha, mlongo wake wamkulu, ankadziwa kuti analiza ndi iye mwini.

Kaimbidwe kameneko anakatenga kwa mayi awo, amene ankasula maunyolo m'kashedi kuseri kwa nyumba: nyundo kawiri mwamphamvu, kupuma potembenuza chitsulo, kenaka kamodzi mopepuka. Noreen anagula gitala wakale ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndi iye amene anagwira zala za Dezi, monga ankamutchulira Desmond pakhomo, n'kuziika pa nsambo chimodzichimodzi. Gulu litayamba, anyamata anatenga Dezi chifukwa anali ndi tsitsi labwino ndi miyendo yaitali. Noreen anamutenga kuti aziyendetsa galimoto, poti mwa onsewo ndi iye yekha amene sankamwa.

Tsiku lojambula ku London, nyali yofiira ya mu situdiyo itangoyaka, zala za Dezi zinauma gwa. Anayesa kakhumi ndi kamodzi, thukuta lili kamukamu, pamene bwana wa gululo, a Pargeter, ankangoyang'ana wotchi. Mapeto ake Dezi anavula gitala n'kumupatsa mlongo wake osamuyang'ana kumaso. "Nor, ndiwombole." Noreen analiza kawiri, ndipo kachiwiriko ndi kamene kali pa chimbale.

A Pargeter anawasonkhanitsa pomwepo. Anati anyamata ogula nyimbo zaphokosozi akamva kuti wawagwedeza mitu ndi mtsikana, chimbale chidzaolera m'sitolo. Aliyense atseke pakamwa.

Chimbale chinalowa pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri pa nambala 28. Sabata yotsatira chinali pa 11, kenaka pa 3. Anawaitana ku kanema, kumene mwambo wake unali woti oimba samaimba zenizeni: amaika chimbale, iwo n'kumangogwedeza manja pa zida zosalumikiza n'komwe ku magetsi. Msewu wonse unadzazana m'chipinda chochezera cha mayi awo. Noreen anaima pakhomo n'kumaona Dezi akuponya tsitsi uku ndi uku, zala zikuthamanga pa nsambo zosalira, kwinaku m'kanemamo mukutuluka kulira kwa zala za Noreen mwini. Mayi awo anamugunyuza ndi chigongono. "Tamumva mlongo wako! Iwe unangotaya nthawi ndi chinthu chija."

Kuyambira pamenepo Dezi ankalonjeza. Ndidzanena chimbale chikatsika. Ndidzanena gulu likatha. Ndidzanena mayi akapita, angachite manyazi. Zengerezu analinda kwaukwau: zaka makumi anayi ndi chimodzi zinatha, Noreen anayendetsa basi mpaka kupuma ntchito, a Pargeter anamwalira, woimba ndi wa ng'oma anamwalira, ndipo nyamakazi inamupinda zala moti tsopano ngakhale kutsegula botolo la jamu ankapempha wina. Umboni wake wonse unatsalira pakamwa pa Dezi. Sankafuna ndalama. Ankangofuna kuti munthu mmodzi, pamaso pa anthu, atchule dzina lake pamodzi ndi nyimbo ija.

Sabata yatha m'chipatala, Dezi anamugwira dzanja. "Ndalemba zonse, Nor. Zili mu envulopu kwa a Billingham. Ulendo uno sindikukunamiza."

A Billingham, oyendetsa maliro, anafika cha m'ma 2 koloko masana. Anakana keke koma tiyi analandira. Anakhala pampando wa malemu asakudziwa, ndipo palibe anawauza. Glenys, mkazi wa Dezi, anakhala pa sofa ndi Lorraine. Noreen anasankha mpando wolimba wa pafupi ndi zenera. Anali atavala bulauzi yake yabwino, ndipo anadzichitira manyazi pozindikira kuti waivalira envulopu.

"Amuna anu anali munthu wadongosolo, mayi Tromans," anatero a Billingham akung'amba envulopu. "Ambiri amatisiyira mkangano, iwo atisiyira masamba atatu."

Anayamba kuwerenga. Pasakhale mataye akuda. Mtembo uotchedwe, phulusa likamwazidwe pa ngalande ya ku Netherton. Kuchokera kumaliro anthu akadye nyama zoumba ndi nsawawa ku bala ya pakona, ndipo mowa ukhale wakuda, osati madzi achikasu amene amamwa ana a masiku ano. Lorraine anaseka misozi ili mbwembwembwe. Gitala apite ku nyumba yosungirako zakale ya m'tauni.

Gitalayo anali wa Noreen. Zikubwera, anadziuza, munthu amayamba ndi zing'onozing'ono.

"Tsopano mawu oti awerengedwe pamwambo," anatero a Billingham, n'kukonza magalasi. "Ndikuthokoza mkazi wanga Glenys, amene anapirira zambiri. Mwana wanga Lorraine. Malemu a Pargeter, amene anatikhulupirira. Anzanga a m'gulu. Aliyense amene anagula chimbale chija. Ndiponso mlongo wanga Noreen," apa a Billingham anamumwetulira, "amene anatiyendetsera galimoto bwino lomwe, osatigwetsera m'ngalande ngakhale kamodzi."

"Ooo, azakhali!" anatero Lorraine. "Mwaona? Sanakuiwaleni."

"Pitirizani," anatero Noreen.

"Zathera pomwepo, mayi. Kwatsala za nyimbo basi."

"Tembenuzani pepalalo."

A Billingham anatembenuza. Kunali koyera.

Noreen anatembenukira kuzenera. Dezi anamugwiritsa fuwa lamoto, ndipo anadikira kaye kuti afe, kuti pasakhale womufunsa. Mawu a a Billingham ankamveka ngati akuchokera m'chipinda china: potseka nsalu yobisa bokosi, aike chimbale choyamba cha gululo, koma kuseri kwake. Mawu oti kuseri anali atawadula mzere kawiri kunsi.

"Kuseri?" anatero Lorraine. "Ayi, pamenepo ndi mankhwala a kuchipatala aja anawasokoneza mutu. Kuseri kuli kanyimbo kozizira kaja ka mvula, ngakhale ine mawu ake sindiwadziwa. Anthu akubwera kuchokera ku Germany, a Billingham. Akubwerera gitala wa bambo anga."

"Gitala ameneyo ndinaliza ndine," anatero Noreen.

Mawu amene anawasunga zaka zonsezo anatuluka opanda ulemerero uliwonse, ngati akuuza munthu kuti basi yachedwa.

"Mwati chiyani?"

"Bambo ako anauma zala. Ndinaliza ndine. Pa chimbale paja ndi ine."

Lorraine anayang'ana a Billingham, a Billingham anayang'ana m'kapu. Kenaka Lorraine anadzuka, nagwada pafupi ndi mpando wa Noreen n'kumusisita zala zopindikazo.

"Azakhali, simunagone masiku atatu. Tonse mitu sikuyenda. Munkamuthandiza poyeserera, bambo ankanena zimenezo."

"Usandisisite ngati mphaka, iwe."

"Nanga mukufuna ndinene chiyani?" Mawu a Lorraine anauma. "Zaka zonsezi muli chete, lero munthu ali mu filiji ndiye mwakumbuka? Wakufa sayankha, n'chifukwa chake?"

Noreen anatembenukira kwa Glenys. Glenys anali akuthothola ulusi pa khushoni.

Noreen anatuluka kudzera kukhitchini n'kukaima pabwalo la kuseri, pakati pa nyemba za Dezi zimene zinali zitayamba kufota. Patapita kanthawi chitseko chinalira. Glenys anabwera ndi ndudu ziwiri, ngakhale onse awiri anasiya kusuta kalekale.

"Ndimadziwa, mlamu," anatero Glenys.

"Mumadziwa chiyani?"

"Anandiuza chaka chomwe tinakwatirana. Analira ngati mwana."

Noreen anaiyang'ana nduduyo osailandira. Anawerenga m'mutu ma Khirisimasi onse amene anadya patebulo la mkazi ameneyu, nyimbo ija ikulira, Glenys akumufunsa ngati akufuna mbatata zina.

"Ndiye mukanatsegula pakamwa m'nyumbamo. Mawu awiri okha: n'zoona."

"Mwana uja watsala ndi chiyani, mlamu? Bambo ake sanamulere, ankangoyendayenda. Chimene ali nacho ndi nyimbo ija basi. Ndimulande?"

"Ine munandilanda osafunsa."

"Sindikukana."

"Munthu wamantha," anatero Noreen. "Wamantha kuyambira ali mwana. Akaswa kapu ankabisala m'kashedi, mbama n'kulandira ine. Ndinamuombola, iye wandilipira ndi galimoto!"

Glenys anayatsa ndudu yake, nakhosomola, naizimitsa pa khoma.

"Analemba kanayi pepala lija. Ndinkamuona. Akafika pa dzina lanu ankang'amba. Koma za kuseri kwa chimbale sanasinthe ngakhale kamodzi. Inu simukudziwa chifukwa chake?"

Noreen anafuna kunena kuti alibe nazo ntchito, koma zinamubwerera zokha. Tsiku lija ku London, atamaliza kuliza, anatuluka kukasuntha galimoto poti wapolisi ankaizungulira. Anavutika kupeza poimika. Pobwerera anapeza anyamata akulongedza: m'mphindi makumi awiri zotsalazo anali atajambula kanyimbo kodzazira kuseri, poti chimbale sichituluka ndi mbali imodzi. A Pargeter anati kuseri samvera munthu, Dezi alize mmene angathere. Pa chimbale chonse chija, zala za Dezi zinali kuseriko kokha.

"Ndiye akuganiza kuti zakwana?" anatero Noreen. "Kuulula kumene wakumva ndi ine ndekha, amene ndikudziwa kale?"

"Sizinakwane. Koma ndi pomwe anathera mphamvu."

Atabwerera m'nyumba anapeza Lorraine akuuza a Billingham kuti alembe "Unyolo Wotentha". A Billingham anati iwo amatsata pepala pokhapokha mkazi wa malemu atanena zina. Glenys anayang'ana Noreen, ndipo onse anatsatira maso akewo.

Noreen anaganiza za anthu mazana atatu ataimirira m'holo, gitala wake akugunda makoma, onse akulira ndi kutchula dzina la Dezi komaliza.

"Ikani zimene walemba," anatero. "Apite ndi zake."

Lorraine sanamulankhulenso mpaka tsiku la maliro.

Holo ya kootchera mitembo inadzaza mpaka ena anaima panja pa udzu. A Billingham anawerenga mawu othokoza aja, ndipo pa za galimoto anthu anaseka mokoma, ena n'kumucheukira Noreen ndi kumugwedezera mutu. Iye anangoyang'ana kutsogolo. Nsalu itayamba kuyenda, azibambo a majekete achikopa anaimirira, manja m'mwamba, mapazi okonzeka kugunda pansi kawiri.

M'malo mwake munatuluka kagitala kowonda, kochedwa, koyenda mopapasa. Manja anatsika limodzilimodzi. Wina kumbuyo ananong'ona kuti alakwitsa chimbale. Lorraine anabisa nkhope paphewa la mayi ake.

Pakati pa ndime yachiwiri chala chinaterereka n'kugwira nsambo yolakwika, kenaka n'kubwerera msanga mwamanyazi. Noreen anatseka maso. Sanamukhululukire, ndipo ankadziwa kuti mawa adzadzuka ndi mkwiyo womwewo. Koma anakhala chilili mpaka kanyimboko kanatha, poti m'holo monsemo anthu anali kudikira munthu wa pa kanema, ndipo amene ankatsanzikayo anali Dezi.