Kagalasi ka Lachinayi

Loya atamaliza kuwerenga wilo, patebulo panatsala kachikwama kamene sikanalembedwe paliponse. Munali lumo, burashi yothothoka, sopo ndi kagalasi kong'aluka pakona.

"Nanga za Lachinayi?" anafunsa mwana wamkazi wa malemu.

Aliyense anadziwa chimene ankanena. Kwa zaka makumi awiri, Lachinayi lililonse bambo awo ankatseka shopu yometera masana n'kupita kukameta agogo ena osaona, apongozi awo a banja loyamba. Mkazi woyambayo anamwalira kalekale osasiya mwana. Ubale ukanathera pomwepo, koma bambo anali ndi liuma pa zinthu zosapindulitsa.

"Lamulo likuti chiyani za munthu ameneyu?" anafunsa achimwene ake, amene chichitikire maliro ankalankhula ngati anabadwira kukhoti.

"Silikunena kanthu," anatero loya. "Si m'bale wanu."

"Wamva? Ali ndi adzukulu awo."

"Amene amabwera kamodzi pachaka, achimwene."

"Ndiye ife titani? Mawa ndikubwerera kuntchito."

Lachinayi mtsikanayo anatenga kachikwama kaja n'kupita yekha kunyumba imene agogowo ankakhala. Chipinda chinali kumapeto kwa khonde. Anawapeza agogowo atakhala pafupi ndi zenera, ndevu zili nyankhalala, thaulo atadzimangirira kale m'khosi. Mtima unamuwawa, chifukwa palibe amene anakumbuka kudzawauza za imfayo.

"Mapazi amenewo si ake," anatero agogowo.

"Ndine mwana wawo, agogo. Bambo anatisiya. Tinawaika Loweruka."

Agogowo anayamba kumasula thaulo.

"Lisiyeni, agogo."

Mtsikanayo anali asanametepo munthu. Sopo analowa m'khutu, ndipo anawacheka pang'ono pachibwano. Agogowo sanadandaule. Mtsikanayo atamaliza anayamba kulongedza.

"Waiwala galasi."

"Galasi, agogo?"

"Amandigwirira kumaso kuno. Ndinamuuza kambirimbiri kuti akutaya nthawi. Iye amati aliyense amene wametedwa amaonetsedwa, ndipo ine sindingakhale woyamba kunyimwa."

Mtsikanayo anatulutsa kagalasiko, napukuta ndi mkono wa bulauzi, n'kukagwira patsogolo pawo. Agogowo anatembenuzira mutu kumanzere, kenako kumanja, pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna pokana.

"Sabata yamawa," anatero motsitsa mawu, "ngati ubwere, usamale pachibwanopa."

"Ndisamala, agogo."

Sanatsitse kagalasiko mpaka iwo atagwedeza mutu.