Uthenga Wokwera Chitunda

Mwana anabadwa bwinobwino dzuwa lili paliwombo, wamkazi, wolira mokweza. Koma mayi wake, Inocência, magazi anakana kusiya. Leonor, namwino yekhayo amene anali pantchito tsikulo pakachipatala ka kumidzi ya Majaua, anabaya jakisoni, anaika diripi, anasisita mimba mpaka mikono kuwawa. Nsalu iliyonse imene ankayala inkanyowa nthawi yomweyo.

Ndi dzanja limodzi analemba pa gulu la WhatsApp la azaumoyo a m'bomalo: mayi akutaya magazi, tumizani ambulansi, dokotala andiuze chochita. Uthengawo unangokhala phee, osapita. Chiwombereni mphepo yamkuntho ya mwezi wathawo, netiweki inkagwira pachitunda pokha, kuseri kwa tchalitchi. Koma akanapitako bwanji? Dzanja lake ndi limene linkapanikiza chiberekero, ndipo akangolichotsa magazi ankachita kuthamanga.

"Abambo a mwana!" anakuwa.

Belarmino, mwamuna wa Inocência, anafika n'kuima pakhomo maso ali pansi, poti m'chipinda chochilira amayi mwamuna salowamo.

"Tengani foniyi, mupalase njinga mpaka pachitunda. Mukaikweze m'mwamba mpaka ilire, mubwere nayo msanga."

"Ine zolembazi sindiwerenga, enfermeira," anatero, akuitana namwinoyo m'Chipwitikizi.

"Simukawerenga ayi, mukangoinyamula. Thamangani!"

Anabwerako thukuta lili kamukamu, akuti foni yalira kambirimbiri. Leonor anailanda. Pagulupo panadzaza maluwa, mafuno abwino ndi chithunzi cha keke, poti linali tsiku lobadwa la mkulu wina wa kufamasi. Uthenga wake unali utakwiririka pakati pa zimenezo. Mmodzi yekha anauona, n'kuikapo kachithunzi ka manja opemphera.

Leonor anadina pojambulira mawu n'kukuwa ngati ali pamsika: "Siyani keke, munthu akufera m'manja mwanga kuno! Doutora Suzete, ndine Leonor, ndili ndekha, mankhwala onse ndapereka koma sakusiya. Ndithandizeni!" Anamukankhiranso foni Belarmino, iye n'kuliyatsa liwiro.

M'chipindamo munatsala kulira kwa khanda basi. Milomo ya Inocência inali itayererako.

"Anamwino, ndikuzizidwa," ananong'ona. "Mwanayu mukam'patse mng'ono wanga."

"Mudzam'lera nokha, mayi. Tandiyang'anani kuno. Musagone!"

Ankanena choncho koma mtsempha wapamkono wa Inocência unkachita kusowa pansi pa zala zake. Mikono yake nayo inali itachita dzanzi. Anapemphera m'Chinyanja, mawu atamuthera anapitiriza m'Chilomwe cha amayi ake.

Belarmino anatulukira wapansi, bondo likuchucha magazi. Tcheni cha njinga chinali chitaduka pamtsetse. Mufoni munali mawu a Doutora Suzete, dokotala wa ku Milange, ofulumira koma osanjenjemera: "Leonor, ndakumva. Dalaivala Amândio wanyamuka ndi ambulansi, magazi ali nawo, koma msewu ndi matope okhaokha. Mangirira kondomu kukapaipi ka mkodzo, ulowetse m'chiberekero, uidzaze ndi madzi a diripi. Wina akanikize pamimba pamene ukukonza."

Leonor anaziwonapo kamodzi kokha zimenezi, pa chidole, ali kumaphunziro. Zinkafuna manja ake onse awiri. Anayang'ana pakhomo.

"Lowani, bambo."

"Enfermeira, mwambo wake..."

"Mwambowo mukaupepesa mawa. Lowani!"

Analowa. Leonor anam'gwira nkhonya n'kuiika pamwamba pa mchombo wa mkazi wake. "Kanikizani ndi thupi lonse. Ngakhale alire, musasiye."

Ulusi unam'pulumuka, anamanganso. Analowetsa kapaipiko, anatsegula madzi, n'kudikira akuyang'anitsitsa nsalu yatsopano. Banga lofiira linakula, linakulanso pang'ono, kenaka linaima. Sanakhulupirire. Anayala ina, nayonso inangodontheredwa apa ndi apo.

Ambulansi inafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'magalasi. Inocência sankayankhanso akaitanidwa, koma ankapuma. Anam'kweza thumba la magazi likulendewera kale pamkono, Belarmino ali pambali pake, khanda atalimangirira pachifuwa. Galimoto itazimiririka, Leonor anakhala pansi pakhonde.

Nkhani anadzaimva kwa Amândio sabata yotsatira, atabweretsa mankhwala. Ku Milange anachita kum'ng'amba Inocência n'kuchotsa chiberekero. Sadzaberekanso, koma anatsitsimuka, ndipo khanda linkayamwa.

"Ndiye bambo uja," anatero Amândio akutsitsa makatoni, "njira yonse nkhonya ili pamimba pa mkazi wake. Ndimati musiyetu tsopano, iye amvekere enfermeira sanandiuze kuti ndisiye."