Nyumba ya pa Dambo

1.
Nditengere kwathu.

Amayi anga, a Nangozo, ayamba kuiwala. Dzina langa, njira ya kubafa, zoti bambo anatisiya kalekale. Koma mawu awa okha sawachoka pakamwa. Amakhala pakhonde la nyumba yanga ku Lilongwe, mpango kumutu, nsapato atavala kale.

Ndine Elube, amayi. Mwana wanu.

Chabwino, mtsikana iwe. Nditengere kwathu.

2.
Kwathu ndi kufamu, ku Mchinji, kumene agogo Zakeyu anamanga. Chigwereni mtengo wa fodya palibe wagonako. Ndinakatenga amalume a Fanuweli, mlongo wawo wa amayi, amene anabadwira komweko.

Ukungotaya nthawi, mphwanga. Ndi bwinja lija.

Tikaone, amalume.

Njoka zokhazokha.

Tikaone.

3.
Udzu.

Udzu mpaka polekeza maso, kopanda phiri, kopanda mudzi, mphepo yokha ikuugoneka n'kuudzutsanso. Pakatikati nyumba, itatsamira mbali imodzi ngati ng'ombe yodwala.

4.
Zimene tinapeza: gudumu la ngolo, khasu lopanda mpini, njuchi pawindo, mkuyu womera pabalaza, chigafa cha fodya chitagwada, nsapato ya mwana, mileme, fungo la mileme, chipinda chimodzi cha makoma amphumphu.

Chimenechi chinali cha mayi ako, anatero amalume.

Basi. Tiyambira pano.

5.
Amalume anakhala pagudumu lija n'kuyamba, ndipo akayamba sapuma: agogo ako anachokera ku Ntcheu pangolo ya ng'ombe chifukwa munda kumeneko unali ngati chikhatho, anamva kuti kuno nthaka ikungogona, anabwera ndi mkazi, mbewu m'chikho, nkhwangwa ndi mayi akowo ali kamwana kosamera mano achikulu, anagona pansi pa ngolo mpaka mvula inawapeza, afisi akununkhiza mapazi, anazula zitsa ndi manja, anaumba njerwa ndi dothi la pachulu icho, mwana wawo wachiwiri anamuika kuseri uko malungo atamutenga, koma sanabwerere, bambo anga sankadziwa kubwerera, ankati munthu amayang'ana kumene kwaloza khasu

6.
Ntchito ndinaiyamba ndekha. Umweta udzu. Manja atupa, matuza aphulika, ukulunga chitenje n'kumwetabe. Ufukiza njuchi ndi ndowe zouma, zikuluma pakhosi, sutukwana. Uzula malata amene atsala kukhitchini n'kukafolera chipinda chija. Uzira pansi. Upaka laimu.

Amalume anangoonerera poyamba. Kenako anavula jekete.

Khoma msomaliwo pamwamba pa mzere wa lata, iwe, pangadonthe.

Ndiye kwerani mundionetse.

Anakwera, mawondo akulira.

7.
Foni ikugwira pachulu pokha. Mnansi wanga amene akuwasamala awapatsa amayi foni yake.

Mwadya, amayi?

Ndani?

Elube. Ndikukonza nyumba. Loweruka ndidzakutengani.

Nditengere kwathu.

Ndikumva, amayi. Ndatsala pang'ono.

8.
Loweruka tinabwera nawo pagalimoto yobwereka. Njira yonse ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Tinaima pabwalo losesedwa. Laimu akuwala. Bedi ndinali nditayala, maluwa m'botolo.

Tafika, amayi. Kwanu kuno.

Anayang'ana nyumba. Anayang'ana udzu, uku ndi uku. Nyimbo inatha.

Alongo, tsikani, anatero amalume. Onani chipinda chanu.

Amayi anagwiritsa mpando ndi manja awiri.

Ayi.

9.
Ayi, kuno ndi kuthengo. Kuno n'kumene bambo anatibweretsa. Ine andikhazika pamwamba pa katundu, ngolo ikugwedera, phiri lathu likunka lichepa, lichepa, mpaka ndalibisa ndi chala. Anzanga atsala kumtsinje. Mbuzi yanga yatsala. Ndalira, bambo akuti khala chete, tikamanga kwina. Ine sindinafune kwina. Palibe anandifunsa. Ndadikira, ndadikira, palibe wondibweza.

Amalume anavula chipewa. Iwo, obadwira m'nyumba iyi, sanamvepo zimenezi.

Ndinayang'ana manja anga, zilonda za matuza zisanapole. Ndinafuna kukhala pansi pomwepo n'kulira. M'malo mwake ndinagwada pakhomo la galimoto.

Mudzi wake dzina lake ndani, amalume?

Sindidziwa, mphwanga. Bambo sankautchula.

Amayi, kwanu n'kwa yani?

Kwa Mkwezalamba, anayankha msangamsanga, ngati mwana wa sukulu. Ukawoloka mtsinje, ukwere. Pali mapichesi.

Dzuwa linali lisanafike pamutu. Ndinakatseka chipinda chija, kiyi n'kupatsa amalume.

Kwerani kutsogolo, amalume. Muzikafunsa njira.