Mwana Amene Apongozi Sanamuone

Mwana wanga anatha miyezi iwiri wopanda dzina, ndipo mlandu wonse ndinausenzetsa apongozi anga aamuna, a Malizani.

Titatuluka m'chikuta ndinakagwada pakhonde pawo ku Matandani, khanda lili m'manja, kuti alitche dzina monga amachitira ndi adzukulu onse. Iwo maso anangoti tong'o pamwamba pa mutu wanga. Anati adzatcha tsiku lina.

Mwamuna wanga Lameck anapita ku Joni mimba isanaoneke, choncho amayi a kumjigo anayamba kuwerenga miyezi ndi zala. Eti nkhalamba yakana mwana. Ndinapsa mtima, ndipo ine sindinyengerera munthu. Ndinalongedza zovala kuti ndibwerere kwathu ku Chifunga.

Chinandichedwetsa n'chakuti apongoziwo anagwa chagada kawiri sabata imodzi, ndipo panalibe wina wowaperekeza kuchipatala ku Boma. Ndinapita nawo, koma njira yonse sindinawalankhule.

Dokotala anayendetsa cholembera patsogolo pa nkhope yawo. Kumanja ndi kumanzere maso ankatsatira. Atachitsitsa, maso anangoima. Anatiuza kuti ndi matenda a muubongo amene amaumitsa khosi, kugwetsa munthu ndi kulepheretsa maso kuyang'ana pansi. Sachizika, koma chithandizo chochepetsa mavuto chilipo. Apa m'pamene ndinakumbukira ndiwo zotayikira pamalaya ndi kupunthwa kwawo kwa tsiku ndi tsiku.

Tili pabenchi panja, ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Manyazi, mwananga," anatero. "Nanga ndingatche bwanji dzina munthu amene sindinamuone nkhope? Inu mumabwera chogwada. Ulemu wanuwo ndi umene ukundibisira mdzukulu."

Manyazi aja anandigwira ineyo. Chikwatiwire ndinali ndisanaimepo pamaso pawo, koma tsiku limenelo ndinamasula mwana kumsana, ndinaima njo, n'kumukweza mpaka nkhope yake inalingana ndi yawo.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka, misozi ikutsika, n'kunena kuti mphuno yophwatalala chonchi ndi ya kwawo, palibe angawalande.

"Uyu ndi Tadala," anatero.

Madzulo ake ndinamasula katundu uja mwakachetechete. Mpaka lero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha dokotala uja ndi cholembera chake. M'mawa uliwonse ndimapatsa apongozi moni choimirira, Tadala ali m'mwamba. Akumjigo tsopano akuti ndine wamwano. Anene, bola agogo akuona mdzukulu wawo.